Chithunzi chimafika kumudzi basi isananyamuke

Ndinafika ku Joni mu February 2023 ndi zikwama ziwiri, china cha zovala, china cha mpunga wa Kilombero ndi usipa umene amayi anaukulunga m'nyuzipepala katatu kuti usanunkhe m'basi. Unanunkhabe. Masiku awiri tili pamsewu, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mpaka kutsika pa Park Station miyendo itatupa. Ndinali ndi zaka 26, ndinkakayamba digiri yachiwiri pa yunivesite ya Wits, ndipo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ndinali nditamuuzapo ndi pakamwa panga kuti ndimakonda amuna anzanga.

Ndikulembera inu amene mwapeza malo a sukulu kunja, makamaka ku South Africa, ndipo muli ngati ine. Dzina langa sinditchula, boma lakwathunso ayi.

Digiri yoyamba ndinaimaliza kwathu konkuno osatsegula pakamwa. Ku hositolo mawu oti mathanyula ankauluka tsiku ndi tsiku, potukwanizana za mpira, poseka mnyamata woyenda monyang'wa, ngakhale ponyoza ndiwo za ku kafeteriya. Inenso ndinkaseka nawo, nthawi zina mokweza kuposa onse. Manthawo anayamba kale. Mu 2010, ndili ku pulayimale, nkhani ya Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza inali pa wailesi iliyonse: chinkhoswe chawo cha mu December 2009, khoti la ku Blantyre kuwagamula zaka 14 powaona kuti ndi amuna okhaokha okondana, kenako Bingu wa Mutharika kuwakhululukira Ban Ki-moon, mkulu wa United Nations panthawiyo, atabwera m'dziko muno. Koma za chikhululukirozo mwana wa zaka 13 sanasunge. Ndinasunga phwete la azimayi pa chigayo, ndi mawu a bambo wina wa pafupi ndi kwathu oti zaka 14 zachepa.

Ku Wits, sabata yoyamba ya chaka, magulu a ophunzira amayala matebulo pa kapinga wa kutsogolo kwa laibulale kuti akope mamembala atsopano. A kwaya, a mpira, a ndale, a mipingo yosawerengeka. Pakati pawo panali tebulo la Activate, gulu la ophunzira a LGBTQ (amuna okonda amuna, akazi okonda akazi ndi ena otero), litakutidwa ndi mbendera ya utawaleza, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anthu ankangodutsa. Palibe anaima kuti alalikire, palibe anajambula kuti akaseke. Tebulo loyandikana nalo linali la gulu lina lachikhristu, ndipo ndinaona mtsikana wa tebulo ilo akubwereka selotepi kwa anzake a utawaleza.

Tsiku limenelo sindinaime. Mawa lake ndinaima, koma monamizira kumanga nsapato. Tsiku lachitatu ndinafunsa funso limodzi lokha, lomwe mpaka lero ndimaona kuti linali lanzeru: ndikalembetsa, dzina la gululi lidzaoneka pa sitetimenti ya fizi? Mbali ina ya fizi yanga ankalipira ndi amalume, ndipo amalume amenewa pepala lililonse la ndalama amaliwerenga mzere ndi mzere, chala chili pamenepo. Mnyamata wa patebulopo sanaseke. Anati ndisadzivute ndi kulembetsa, ndizingobwera kumisonkhano. Inunso funsani musanalembe nambala yanu ya sukulu paliponse, chifukwa ndalama ya umembala wa magulu imatha kulowa pa akaunti ya fizi, ndipo akauntiyo si inu nokha amene mumaiona.

Msonkhano woyamba unali m'kalasi wamba madzulo, mipando itazunguliridwa, mabisiketi pakati. Aliyense ankatchula dzina lake ndi mawu amene akufuna kuti azitchulidwa nawo m'Chingerezi, he, she kapena they. Ndinaseka chamumtima, poti ife vuto limeneli tilibe. M'Chichewa iye ndi iye basi, kaya wavala thalauza kaya chitenje. Itafika nthawi yanga ndinatchula dzina la agogo anga aamuna, amene anamwalira kalekale, n'kunena kuti ndabwera kudzangomvera. Palibe anandikakamiza. Theka la zokamba sindinamve n'komwe, chifukwa anthu akatenthedwa ndi nkhani ankalumphira ku Chizulu ndi Chisutu. Koma pangano limodzi ndinalimva bwino: zokambidwa muno zithere muno, ndipo mukakumana panja wina ali ndi anthu ena, musamupatse moni pokhapokha ayambe ndi iyeyo. Pangano limeneli ndi limene linandibweretsanso sabata yotsatira. Anthu amene analiganizira ankadziwa kuti ena mwa ife ngakhale moni weniweniyu angatipachike.

Chandamale changa pano si kutamanda sukulu. Koma pali zinthu zing'onozing'ono zimene munthu wochokera kwathu sangadziwe kuti azifufuze. Pa zitseko za maofesi ena pamakhala kasitika ka Safe Zones, kusonyeza kuti mwini ofesiyo anachita maphunziro a momwe angalandirire ophunzira ngati ife. Ndinayamba kuwerenga zitseko ngati mmene timawerengera mitambo nthawi yodzala. Palinso ofesi ya uphungu, CCDU, kumene wophunzira aliyense wolembetsa amakaonana ndi mlangizi osalipira. Ine ndinkaganiza kuti kumeneko ndi kwa anthu amene mutu wasokonekera. Ndinapitako mwezi wachinayi, tulo titasowa kwa milungu itatu.

Mayi amene ankandipatsa uphungu anandifunsa tsiku lina kuti zimenezi m'chinenero chathu ndingazinene bwanji. Ndinakhala chete nthawi yaitali. Liwu limene lilipo ndi chitonzo. Ukalithawa, umagwera m'mawu a m'nyuzipepala ndi a kuchipatala, amuna ogonana ndi amuna anzawo, ngati kuti ntchito yathu ndi yomweyo kuyambira m'mawa. Pamene ankandifunsapo n'kuti ine ndisanagwirepo ngakhale dzanja la munthu. Mapeto ake ndinangoti, ndimakonda amuna. Mawu awiri, achidule, ndipo aka kanali koyamba kudzimva ndikuwanena m'Chichewa, ngakhale kuti womvera sanamve kanthu mpaka nditamasulira.

Malo amene anandisintha maganizo kwambiri si kalasi, si msonkhano. Ndi GALA, kumene amasungako mbiri ya anthu a LGBTQ a mu Africa. Inakhazikitsidwa mu 1997 ndipo ili pa Wits pomwepo, ndi kalaibulale kake. Kumeneko ndi kumene ndinamva bwino za Simon Nkoli, mnyamata wobadwira ku Soweto amene anamangidwa mu 1984 chifukwa cholimbana ndi boma la tsankho, n'kuzengedwa mlandu woukira boma wa ku Delmas pamodzi ndi akuluakulu a ndale. Ali m'ndende momwemo anadziulula kwa anzakewo, ena anakwiya, koma iye sanabwerere m'mbuyo. Mu 1988, chaka chimene khoti linamupeza wosalakwa, anayambitsa nawo bungwe la anthu a LGBTQ la GLOW, ndipo pa 13 October 1990 iye, Beverley Ditsie ndi anzawo anatsogolera perete woyamba wa Pride (woguba poyera anthu a LGBTQ) mu Africa muno, m'misewu ya Johannesburg yomweyo imene ine ndinkadutsa pokagula buledi. Ena pa perete ameneyo anavala mapepala kumaso kuopa kudziwika. Makalata amene Nkoli ankalemba ali kundende akusungidwa ku GALA. Iye anamwalira mu 1998, zaka ziwiri kuchokera pamene malamulo aakulu a dziko la South Africa a mu 1996 analetsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha unadzaloledwa mu 2006.

Kuyambira ubwana ndinkauzidwa kuti izi n'zachizungu, zobwera ndi ndalama za mabungwe. Ine mzungu ndinali ndisanachezepo naye, ndalama ya bungwe sindinaionepo, komabe mawuwo anali atandilowa. Nditaona zolemba za munthu wakuda wa m'komboni, wolemba ali m'chitokosi, kudandaula za chibwenzi chake ndi za amayi ake, mawu aja anangophwa okha. Ndipo za mapepala kumaso zija zinanditonthoza kuposa zonse. Ngakhale oyambitsa enieniwo anali ndi anzawo amantha pakati pawo, ndipo sanawathamangitse.

Za tchalitchi. Ine ndine Mkatolika, ndinakulira potumikira pa guwa, ndipo amayi ndi munthu wa mphakati amene Lachinayi lililonse nsalu ya bungwe la amayi imakhala yosita. Miyezi yoyambirira ndinkapemphera kumene kumasonkhana Amalawi ambiri, chifukwa cha nyimbo zakwathu ndi mandasi a pambuyo pa mapemphero. Anandilandira bwino, sindinganame. Mayi wina ankandipatsa ufa woyera, ati mwana wanga pap wa kunoyu sangakukhutitse. Koma kumeneko aliyense amadziwa wina amene amadziwa abale ako. Sabata yachitatu anali atapeza kale kuti amalume anaphunzira ndi mlamu wa wapampando. Mnzanga wina wa ku Bulawayo, amene ndinadziwana naye kumisonkhano ija, ndi amene ananditengera ku Holy Trinity, tchalitchi cha Katolika choyendetsedwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit, chogundizana ndi mpanda wa Wits. Parishi imeneyi ili ndi gulu la anthu a LGBT limene lakhalapo zaka zambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi obwera kuchokera m'mayiko ena a mu Africa. Ophunzira tinali ochepa. Ambiri anali ometa, ogulitsa m'mashopu, osoka, ofuna ntchito. Tinkapemphera, kenako nkhani zinkapita ku lendi, mapepala a ku Home Affairs, ndani akudziwa malo amene akufuna woperekera zakudya. Anzathu a ku Uganda chaka chimenecho anali ndi nkhope zolemera, poti mu May 2023 Yoweri Museveni anasainira lamulo lokhala ndi chilango cha imfa pa milandu ina.

Pa 13 July 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anatsogolera maperete ku Blantyre ndi m'maboma ena otsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Madzulo ake pa gulu la WhatsApp la banja lathu panagwa chithunzi. Amayi, nsalu ija atavala, chikwangwani m'manja, akumwetulira ngati mmene amamwetulira pa ubatizo. Azibale anga akuponya timanja towomba. Ndinachiyang'ana mpaka batire linatha. Lamlungu lake ndinachionetsa kwa mayi wina wa ku Zimbabwe wa m'gulu lathu la kutchalitchi, wamkulu kwa tonsefe, amene ana ake anawasiya kwawo. Anachikulitsa ndi zala, n'kunena kuti amayi anu ndi okongola, mwatengera mphuno. Kenako anati, iwowa sakudziwa kuti akuguba ndi mwana wawo pamutu. Sanawanyoze. Akanawanyoza sindikanabwereranso kumeneko, chifukwa mako ndi mako.

Tsopano cholakwa changa, chimene chandichititsa kulemba zonsezi.

Mu October ndinapita ku Pride ya mumzinda. Ndinakonzeka ngati wopita kukaba: chipewa, magalasi akuda, malaya amene sindinavalepo pa chithunzi chilichonse. Ola loyamba ndinayenda pakati pa gulu, mutu pansi. Koma anthu anali masauzande, nyimbo zikugunda pachifuwa, agogo ena atanyamula chikwangwani chonena kuti amanyadira mdzukulu wawo, ndipo penapake ndinangopezeka chipewa chili m'manja, magalasi ali m'thumba, ndikuvina. Sindikudandaula kuti ndinavina. Koma munthu wina amene sindimudziwa anajambula, n'kuika zithunzi zambirimbiri pa tsamba lina la Facebook, ndipo pa chimodzi ndinalipo ine, kumbuyo kwa ena awiri, pakamwa yasa, nkhope yonse poyera.

Amalawi ku Joni tili paliponse, m'magaladeni, m'makhitchini, pa mageti, m'mafilingi siteshoni. Amene anachiona sindinamudziwe mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti patangopita masiku anayi chinali pa foni ya msuweni wanga ku Lilongwe, ndipo msuweniyo anachitumiza kwa achemwali anga aakulu ndi funso loti, awa si achimwene athu awa? Katundu amene ndinatumiza pa basi sabata yomweyo anafika mochedwa kuposa chithunzicho.

Achemwali anaimba usiku. Sanapereke moni.

"Iwe, ndaona chithunzi."

Ndinayamba kufotokoza zoti ndinkangodutsa.

"Usandinamize ine, ndinakubereka kumsana. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, achemwali."

Kunali zii, moti ndinayang'ana foni kuona ngati mayunitsi awathera. Kenako anati, "Ndamuuza kuti ndi za kafukufuku wako wa kusukulu, anakutumani. Akafunsa unene zomwezo. Amayi asamve, ukudziwa BP yawo." Anapuma. "Wadya?"

Ndinali ndisanadye, ndipo sindinadye masiku awiri otsatira. Apa ndi pamene ndinaona ntchito yeniyeni ya magulu aja. Nditalemba uthenga umodzi kwa mnzanga wa ku Bulawayo, pasanathe ola anali pakhomo. Wina wa ku Activate analembera eni tsamba lija kuti achotse chithunzicho, ndipo anachichotsadi, ngakhale screenshot ikatengedwa yatengedwa. Wina anandigoneka kwake masiku atatu kuti ndisakhale ndekha. Ndipo mtsikana wina wophunzira zamalamulo anandikhazika pansi ndi pepala n'kundifunsa mafunso ouma, amene panthawiyo ndinaona ngati opanda chisoni. Fizi yako amalipira ndani? Akasiya lero, yotsala ndi zingati? Pasipoti ili kuti, ili m'manja mwako? Viza ikutha liti? Uli ndi ndalama yokwana lendi ya mwezi umodzi imene wachibale aliyense sakuidziwa? Supavaiza wako angakuthandize kupeza ntchito yophunzitsa a chaka choyamba? Pa zonsezi ndinali ndi yankho labwino pa pasipoti pokha.

Amalume sanamve, kapena anamva n'kusankha kusamva, poti akuluakulu akwathu luso limeneli ali nalo. Fizi inapitirira. Koma mafunso aja ndikukupatsani inu kuti muwayankhe zinthu zisanavute, osati zitavuta ngati ine. Viza ya sukulu imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Ndinapeza ya kulaibulale, n'kuyamba kusunga pang'onopang'ono. Ndipo za zithunzi, pa zochitika za pasukulu nenani poyambirira kuti simukufuna kujambulidwa, amamva ndipo sadabwa. Pa perete wa mumsewu palibe amene angakulonjezeni zimenezo. Mukapita, pitani mutavomereza mumtima kuti nkhope yanu ikhoza kufika kwanu. Ngati simunakonzeke, palibe amene akulemba maina a opita. Kuonera filimu m'kalasi ndi anthu 15, zitseko zotseka, nakonso ndi kutenga nawo mbali.

China chimene timanamizana tikamachoka kwathu n'choti ku South Africa ndi ku ufulu. Ufuluwo ulipo m'malamulo, ndipo mkati mwa mpanda wa sukulu umaoneka ndithu. Kunja kwa geti ndi nkhani ina. Eudy Simelane, amene ankasewera mu timu ya dziko ya mpira wa amayi ya Banyana Banyana, anagwiriridwa n'kuphedwa ku KwaThema mu 2008, malamulo abwinowo alipo kale. Mu September 2023, ine ndili komweko, wophunzira mnzathu wa zaka 18 anabedwa atapangana ndi munthu pa Grindr, pulogalamu ya pa foni yopezerapo zibwenzi, ndipo apolisi anakamupeza atamangidwa komanso atavulazidwa ku hositolo ina ya ku Denver, dera la ku Joni komweko, achiwembuwo akufuna dipo kwa abale ake. Magulu otere amadziwa kuti ambiri mwa ife sitingathamangire kupolisi. Mlendo wobisala ngati ine ndiye nyama yawo yeniyeni. Zitachitika zimenezi tinapangana kuti wokakumana ndi munthu wa pa intaneti azikumana naye pamalo a anthu ambiri masana, asakwere galimoto imene wamutumizira, ndipo atumize kwa mnzake chithunzi cha munthuyo ndi malo amene ali. Mnzakeyo aziimba pakatha ola. Zimaoneka zachibwana mpaka tsiku limene foni siyankhidwa.

Komanso musaiwale kuti ndinu mlendo kawiri. Pa takisi, mukangotsegula pakamwa, ndinu kwerekwere musanakhale china chilichonse. Ngakhale pakati pa anzathu a utawaleza ndinamvapo wina akudandaula kuti obwera akutha ntchito, atandiiwala kuti ndili pomwepo. Ndipo Pride ya mumzinda ili ndi fungo la ndalama, mowa wake wokha ndi ndiwo za sabata. Soweto Pride, imene amakonza ndi amayi a bungwe la FEW, ndinaimva kukhala pafupi ndi moyo umene ndimaudziwa: fumbi, nyimbo za maliro ndi zachisangalalo kusakanikirana, maina a ophedwa kuwerengedwa mokweza.

Za umoyo ndinena mwachidule. Pali PrEP, mankhwala oteteza ku HIV omwa munthu asanatenge kachilombo, ndipo pali PEP, amene muyenera kuyamba pasanathe maola 72 ngozi itachitika n'kumwa masiku 28. Kukiliniki ya pasukulu ndinafunsa zonsezi ndikunjenjemera, namwino anangoyankha ngati ndafunsa za chimfine. Muuzeni namwino zoona, chifukwa akapanda kudziwa amayeza zolakwika.

Anthu ena adzakuuzani kuti mungopempha kukhala othawa kwawo, nkhani ithe. N'zoona kuti malamulo a South Africa amalola munthu wozunzidwa chifukwa cha zimenezi kupempha chitetezo, ndipo Tiwonge amene uja anakakhala ku Cape Town. Koma ndinaona anzanga kutchalitchi akukhala zaka ndi kapepala kongowonjezera miyezi, ndipo ukatenga njira imeneyo kwanu sumapitanso, ngakhale pa maliro a mayi ako. Musasiye viza ya sukulu chifukwa cha malangizo a pa mowa. Kaonaneni kaye ndi maloya odziwa za othawa kwawo, monga a Lawyers for Human Rights.

Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko ku Blantyre linakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani loti ndime zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha zithetsedwe, n'kunena kuti osakhutira apite ku Nyumba ya Malamulo. Ndiye kuti ndime 153 ya malamulo a milandu, ya zaka 14 ija, ikadalipo. Ndime 156, ya zaka 5, ikadalipo. Ndi 137A, yokhudza akazi, imene inawonjezedwa nthawi ya Bingu, nayonso zaka 5. Ndinawerenga nkhaniyi ndili pa ntchito kulaibulale, ndikubwezera mabuku m'mashelefu. Madzulo anzanga asanu anabwera kuchipinda kwanga osaitanidwa. Panalibe chokamba. Ndinaphika nsima ndi usipa wotsala, wa ku Uganda anati tinsomba timeneti kwawo amati mukene, wa ku Bulawayo anati ndi matemba, tinakangana za dzina mpaka poto anayera.

Chochititsa manyazi n'chakuti mabungwe akwathu ndinawadziwira kunja. Zaka zinayi ndili pa koleji kuno sindinkadziwa kuti CEDEP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu ngati ife, imachita chiyani kwenikweni, kapena kuti kuli Nyasa Rainbow Alliance ku Blantyre, imene mu June 2021 inachititsa perete woyamba wa Pride ku Lilongwe, anthu ochepa, ambiri atabisa nkhope. Ndikanadziwa, mwina usiku wina wa ku hositolo ukanafupikako. Kwa inu amene muli m'makoleji a kwathu konkuno, tebulo la pa kapinga lija kulibe, ndipo sindingakuuzeni kuti mukaliyale, chifukwa amene adzagone mu hositolo imeneyo usiku wake ndinu, osati ine. Koma mabungwewa alipo, amadziwa maloya, amadziwa azaumoyo amene sangakulalikireni. Chenjerani ndi magulu a WhatsApp amene aliyense angathe kulowetsa mnzake, poti khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Anthu awiri kapena atatu amene mwawaona ndi maso kwa nthawi yaitali aposa gulu la anthu 80 osawadziwa.

Ndinabwerera mu December 2024. Usiku woti mawa ndinyamuka ndinakhala pansi ndi foni, kufufuta zithunzi, kutuluka m'magulu, kusintha maina a anthu ena kuti azioneka ngati a m'kalasi. Kachibangili ka utawaleza kamene ndinkavala mkati mwa mpanda wa sukulu mokha ndinakasiyira mnzanga wa ku Bulawayo, iye n'kuseka kuti nayenso akadzafika pa Beitbridge adzafuna womusiyira. Mayi uja wa kutchalitchi anandipatsa korona kuti ndikapatse amayi. Ndinawapatsadi, ndinati ndi mphatso yochokera kwa mayi wina amene ankandisamala. Amaigwiritsa ntchito mpaka pano.

Lamlungu lililonse madzulo timaimbirana pa foni, anthu asanu aja, aliyense kumene ali. Ine ndimakaimbira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la nkhuku, kumene netiweki imagwira bwino ndipo anthu safikako.

Pa Khirisimasi tinali pakhonde, amayi akusankha mpunga m'lichero. Anati sukulu ndiye yatha, digiri ziwiri, nanga mpongozi wanga ndidzamuona ndili moyo? Amalume ako akungodikira kuti uwatume. Ndinayang'ana achemwali. Iwo anadzuka, n'kunena kuti amayi, nkhuku ija ikupserera, ndipo iwe tabwera udzandigwirire poto. Ndinawatsatira kukhitchini. Nkhukuyo inali isanaikidwe n'komwe pamoto.